Chipala, Wekishopu ndi Situdiyo: Mbiri ya Mayina a Malo a Amisiri ku Nangongwe, m'Tauni ya Kafue

1. Mawu Oyamba

Mphunzitsi wa chiyankhulo akafunsidwa kusiyana kwa "chipala", "wekishopu" ndi "situdiyo", kawirikawiri amayankha kuti onsewa ndi malo ogwirira ntchito zamanja, kungoti liwu loyambalo ndi lathu pomwe enawo ndi obwereka kuchokera ku Chingerezi. Yankho lotere silolakwika, koma limasiya funso lalikulu lisanayankhidwe. Ngati mawuwa ali ndi tanthauzo limodzi, n'chifukwa chiyani wosula makasu sanena kuti ali m'situdiyo, ndipo woyimba amene akujambulitsa nyimbo sanena kuti ali pachipala? N'chifukwa chiyaninso munthu amene sanagwirepo nyundo chibadwire amatha kunena kuti wakhala sabata yathunthu kuwekishopu?

M'nkhani ino tifuna kuwonetsa kuti kusiyana kwa mawuwa kunabadwa m'mbiri. Liwu lililonse linafika panthawi yake, pamodzi ndi kakonzedwe kake ka ntchito, ndipo limayankha mwa njira yake mafunso atatu awa: Kodi mwini ntchito ndani? Ndani amaloledwa kufika pamalopo? Nanga luso limachoka bwanji kwa wodziwa kupita kwa wophunzira? Tikambirana mawuwa motsatira nthawi imene anafikira, ndipo potsiriza tinena zimene aphunzitsi ndi olemba mabuku otanthauzira mawu angatolepo.

2. Chifukwa Chosankhira Nangongwe

Kafue ndi tauni ya m'dziko la Zambia imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, pamsewu ndi njanji zopita ku Livingstone. Nangongwe ndi imodzi mwa makomboni ake, monganso Shikoswe ndi Zambia Compound. Dera limeneli si la Achewa kuyambira kale. Eni nthaka a madera oyandikana nalo ndi Asoli, Asala, Alenje ndi Atonga. Chinyanja chinafika kuno ndi anthu ofuna ntchito ochokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, komanso ku Nyasaland. Chinakula chifukwa chinali chiyankhulo cha apolisi mu ulamuliro wa Atsamunda, ndipo chinazika mizu likulu la dziko litasamukira ku Lusaka mu 1935. Chimene chimayankhulidwa m'misika ndi m'misewu ya m'makomboni a ku Kafue ndi Chinyanja cha m'tauni, chosakanikirana ndi Chibemba, Chitonga, Chinsenga ndi Chingerezi.

Ubwino wa malowa kwa wofufuza chiyankhulo ndi woti m'zaka zosakwana 100 anawona njanji, sukulu ya mishoni yophunzitsa zaumisiri, mafakitale aakulu a boma, kenaka kufowoka kwa mafakitalewo. Nyengo iliyonse inasiya liwu lake m'kamwa mwa anthu. Zimene zinachitika pang'onopang'ono m'madera ena zinachitika kuno mothithikana, kotero n'zosavuta kuzitsata.

3. Mayina Amene Anthu Anabwera Nawo

Umisiri wa chitsulo m'chigawo chino ndi wakale kwambiri kuposa njanji. Pamalo otchedwa Kapwirimbwe, mumzinda wa Lusaka, David Phillipson anafukula zotsalira zosonyeza kuti anthu ankasungunula chitsulo m'zaka za m'ma 400. Ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi, kunapezeka mu 1960 manda okhala ndi mitanda ya mkuwa pamodzi ndi zida zokokera waya. Koma mayina amene tikuwunika m'gawo lino ndi amene Achewa ndi Anyanja anabwera nawo kuchokera kum'mawa.

Oyamba ndi "ng'anjo" ndi "chipala". Ambiri amawasokoneza, chonsecho makolo ankawasiyanitsa bwino. M'ng'anjo ankasungunuliramo miyala kuti apeze chitsulo, pomwe pachipala ankasulirapo chitsulocho kuti chikhale khasu, nkhwangwa, mpeni kapena mkondo. Ng'anjo inkamangidwa kutali ndi mudzi, inkafuna zizimba, ndipo ogwira ntchitoyo ankadika, ndiye kuti ankapewa kukhala malo amodzi ndi akazi awo mpaka ntchito itatha. Munthu wamba sankafikako. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anapempha akuluakulu a kwa Chulu m'boma la Kasungu kuti abwereze ntchitoyi monga ankayikumbukira, ndipo zimene anawona anazisindikiza mu 1987. Panthawiyo n'kuti kusungunula chitsulo kutaleka cha m'ma 1930, makasu a m'sitolo ndi zitsulo zotayidwa zitachuluka. Ntchito itafa, liwu silinafe nayo. Linasamukira ku njerwa, ndipo mwana wa lero akamva za ng'anjo amaganiza za mulu wa njerwa zowotcha.

Chipala chinali chosiyana. Chinkakhala pafupi ndi mudzi, pansi pa mtengo kapena m'chisakasa. Mwini wake ankadziwika ndi dzina, mlimi ankatha kufikapo ndi khasu lake lothyoka n'kukhala pansi kudikira, ndipo mnyamata wofuna kuphunzira ankayamba ndi kuvukuta mvukuto asanapatsidwe nyundo. N'chifukwa chake mneni "kusula" anatenga tanthauzo lachiwiri. Timati sukulu yasula aphunzitsi, kapena mpingo ukusula atsogoleri, pakuti pachipala pankasulidwa khasu ndi munthu yemwe.

Liwu lachitatu ndi "mphala". M'madera ena limatanthauza nyumba yogona anyamata, imene kwina amati gowelo, koma kwa ambiri a kum'mawa kwa Zambia ndi malo amene amuna amasonkhana kucheza ndi kudyera pamodzi. Pamphala m'pamene ankalukira mphasa, madengu ndi malichero, ndiponso kusema mipini. Mphala inalibe mwini mmodzi. Aliyense ankagwira yake, maso ali pa ya mnzake, ndipo mwana ankaphunzira mwa kuwonerera. Ababemba malo otere amawatcha "insaka".

Lachinayi ndi "dambwe", kumene a Gule Wamkulu amakonzera zilombo zawo. Sitilowa m'zinsinsi za kumeneko. Chofunika pankhani yathu n'chakuti kudambwe kumafika olowa okha, ndipo dzina la wokonza chilombo silitchulidwa pagulu. Chimene chakonzedwa kudambwe chimakawonekera pabwalo, pamene aliyense ali ndi ufulu wofika. Motero makolo anali kale ndi mawu awiri osiyanitsa kopangira ndi powonetsera. Bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi chuma cha anthu onse, koma kulengezako sikunatsegule dambwe.

Za amayi owumba mbiya, chiyankhulo chinasunga dzina la kumene dothi limachokera, ndiko kumtapo. Kuwumba kwenikweniko kunkachitikira pakhomo, pamthunzi kapena kuseri kwa nyumba, pakati pa ntchito zina. Apa tikuwona kuti luso limatha kukhala lalikulu ngakhale malo ake alibe dzina lapadera, ndipo wofufuza amene angowerenga mayina a malo adzaphonya gawo lalikulu la ntchito ya amayi.

Aphatikiram'mbuyo osonyeza malo amavumbula kusiyanaku. Kawirikawiri timati pachipala, pamphala, pabwalo, chifukwa "pa-" amasonyeza malo a poyera amene munthu angayimepo. Timati kudambwe, kumtapo, chifukwa "ku-" amasonyeza malo otalikira. Tikafika ku mawu obwereka tiwona kuti "mu-" ndiye amene anachuluka, pakuti ntchito inalowa m'zipupa.

4. Njanji, Mishoni ndi Kufika kwa Wekishopu

Njanji yochokera ku Livingstone inawoloka mtsinje wa Kafue mu 1906, mlatho wake wachitsulo utamangidwa. Mu 1918 amishoni a Primitive Methodist anatsegula sukulu ya Kafue Training Institute pansi pa utsogoleri wa John Fell. Kuwonjezera pa maphunziro a m'kalasi, anyamata ankaphunzirako ulimi, ukalipentala ndi zomangamanga. Harry Mwaanga Nkumbula, amene pambuyo pake anatsogolera chipani cha African National Congress, anaphunzira pasukuluyi. Ku Nyasaland zotere zinali zitayamba kale ku Overtoun Institute ya ku Livingstonia kuyambira mu 1894, ndi ku Henry Henderson Institute ya ku Blantyre kuyambira mu 1909.

Nyumba imene munali mabenchi, masowo ndi zopalira matabwa Azungu ankayitcha "workshop", liwu lophatikiza mawu awiri otanthauza ntchito ndi kanyumba ka malonda. M'kamwa mwa anthu athu linasanduka "wekishopu", ndipo ena analidula n'kukhala "shopu", monga timanenera kuti shopu ya kalipentala kapena shopu ya telala. Funso n'lakuti: bwanji anthu sanangoitcha nyumbayi chipala? Chifukwa choyamba n'chowonekeratu, pakuti chipala n'cha moto ndi chitsulo pomwe muno munali matabwa. Koma chifukwa chachikulu chili m'mafunso athu atatu aja. Zida za m'wekishopu zinali za mishoni kapena za kampani ya njanji. Munthu ankalowa belu likalira, n'kutuluka likaliranso. Wophunzira ankalembedwa m'kaundula, n'kupatsidwa pepala pomaliza. Chipala chinali cha mmisiri, pomwe m'wekishopu mmisiriyo ndiye anali wa eni malo. Anthu anawona kuti ichi n'chinthu chatsopano ndipo anachisiyira dzina limene chinabwera nalo. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko kamabwera ndi dzina lake.

Mpofunika kukumbukira kuti liwu lobwerekedwa limadalira mtundu wa Azungu amene ankalamulira dera. Anyanja a ku Tete ndi Niassa, amene anali pansi pa Apwitikizi, anakumana ndi liwu loti "oficina", lochokera ku Chilatini. Mphunzitsi wa ku Malawi kapena ku Zambia akalimva angaganize za ofesi ya alembi, chonsecho likunena kokonzera galimoto kapena kopalira matabwa. Ku Congo, kumene kunali Chifalansa, kunafika liwu loti "atelier", limene gwero lake ndi liwu lakale lotanthauza tizibenthu ta mitengo togwa mmisiri akamasema. Limeneli silinalowe m'Chichewa, chifukwa Achewa sanalamulidwepo ndi oyankhula Chifalansa.

5. Nyengo ya Fakitale

Zambia inalandira ufulu mu 1964. Chaka chotsatira, boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzilengeza lodziyimira palokha, ndipo Zambia inawona kuwopsa kodalira katundu wodzera kumwera. Boma la Kenneth Kaunda, makamaka pambuyo pa mfundo za ku Mulungushi za mu 1968, linaganiza zomanga mafakitale ake kudzera m'bungwe la INDECO, ndipo Kafue inasankhidwa kukhala tauni ya mafakitale. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kugwira ntchito mu 1970, ndipo m'nyengo yomweyo munayambanso fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles of Zambia. Panamangidwa nyumba za ogwira ntchito ku Kafue Estates, ndipo makomboni ozungulira anadzaza ndi anthu ochokera m'zigawo zonse za dzikolo.

"Fakitale" inapititsa patsogolo zimene wekishopu inayamba. M'wekishopu ya mishoni kalipentala ankathabe kuloza mpando n'kunena kuti ndawupanga ndine. M'fakitale ya nsalu wina ankapota ulusi, wina kuwomba, wina kusakaniza utoto, wina kudinda maluwa, ndipo mayi wovala chitenjecho ankadziwa dzina la kampani lokha. Komanso m'kati mwa fakitale liwu loti wekishopu linachepa tanthauzo: linayamba kunena chigawo chimene amakonzerako makina akawonongeka. Kuchokera apa, kwa anthu ambiri a m'matauni, wekishopu inakhala malo okonzera zowonongeka kuposa malo opangira zatsopano, ndipo inayandikana ndi "galaja", kumene makaniko amakonzera galimoto.

Lamulo la maphunziro la mu 1966, limene linakhazikitsa Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba m'Zambia, linathandiza kuti mawu obwerekawa akhazikike. Mwana amene anaphunzira mayina a zida m'Chingerezi kusukulu anakawapezanso m'Chingerezi kufakitale. Ntchito za Mubanga Kashoki zokhudza mawu obwereka m'ziyankhulo za Zambia, komanso buku la Language in Zambia limene analikonza pamodzi ndi Sirarpi Ohannessian mu 1978, ndi poyambira pabwino kwa wofuna kumvetsa nyengo imeneyi.

6. Situdiyo ndi Mneni "Kujambula"

Liwu loti "studio" Angerezi analibwereka ku Chitaliyana, ndipo gwero lake ndi liwu la Chilatini lotanthauza khama pa kuphunzira. Ku Ulaya linkanena chipinda chimene katswiri wa zithunzi kapena ziboliboli amadzitsekeramo kuti aganize ndi kulenga. Linkasiyanitsa munthu amene ntchito yake imagulidwa chifukwa cha dzina lake ndi mmisiri amene ntchito yake imagulidwa chifukwa cha phindu lake pakhomo.

Kwathu kuno liwuli linalowera makomo ena. Khomo loyamba linali wayilesi. Kuwulutsa mawu kunayamba ku Lusaka mu 1941, ndipo nyumba imene inadzatchedwa Central African Broadcasting Station, motsogozedwa ndi Harry Franklin, inkawulutsa m'Chinyanja ndi ziyankhulo zina kufikira ku Nyasaland ndi Southern Rhodesia. Kawayilesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special katafika mu 1949, mawu a oyimba ngati Alick Nkhata analowa m'nyumba za anthu wamba, ndipo omvera anaphunzira kuti mawuwo akuchokera m'situdiyo. M'zaka za m'ma 1970 magulu oyimba a ku Zambia ankajambulitsa nyimbo zawo ku DB Studios ku Lusaka ndi ku Malachite ku Chingola. Khomo lachiwiri linali kamera: kachipinda ka m'tauni kokhala ndi nsalu yamaluwa kukhoma, kumene banja linkapita litavala zapasabata. Khomo lachitatu, la ojambula pamanja ndi osema ziboliboli, linatseguka mochedwa, monga tikuwonera pa Rockston Studio imene inayamba ku Lusaka mu 1985.

N'zochititsa chidwi kuti Chichewa chili ndi mneni mmodzi wa ntchito zitatuzi. Timajambula chithunzi ndi pensulo, timajambula munthu ndi kamera, timajambulanso nyimbo. Motero kwa woyankhula Chichewa situdiyo ndi mojambulira, ndipo matanthauzo atatu aja amagwirizana popanda vuto. Wosema mitondo kapena wowumba mbiya salowa m'liwuli, pakuti iye sajambula. Aphunzitsi azindikirenso kuti m'Chinyanja cha ku Lusaka ndi Kafue kutola chithunzi ndi kamera ambiri amati "kukopa", pomwe ku Malawi kukopa ndi kunyengerera munthu kuti atsate zofuna zako.

Tikayesa situdiyo ndi mafunso athu, tipeza kuti m'njira imodzi imafanana ndi dambwe: chitseko chimatsekedwa, osayitanidwa salowa, ndipo chopangidwacho chimakawonekera kwina. Koma pa nkhani ya dzina ziwirizi zimapenyana kumsana. Kudambwe wopanga amabisika kuti chilombo chilemekezeke, pomwe m'situdiyo zonse zimachitika kuti dzina la wopanga limveke. Womasulira amene angaike limodzi mwa mawuwa m'malo mwa linzake adzalakwira mbali zonse ziwiri.

Si akatswiri onse a zaluso amene anafuna zipupa. Ku Tengenenge, m'dera la Guruve ku Zimbabwe, Tom Blomefield anayambitsa mu 1966 mudzi wa osema miyala pamunda wake wa fodya, ndipo ambiri mwa oyamba anali antchito a pamundapo ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, ena mwa iwo Achewa ndi Ayao. Ankasema panja, pansi pa mitengo, wina akuwonera mnzake. Ku Mua, m'boma la Dedza, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 anasula osema ambiri mwa njira yogwirira ntchito pamodzi. Malo otere amayandikira mphala kuposa situdiyo.

7. Mafakitale Atafowoka

Mtengo wa mkuwa utagwa cha m'ma 1975, chuma cha Zambia chinayamba kudwala. Boma la Frederick Chiluba, limene linalowa mu 1991, linakhazikitsa lamulo logulitsa makampani a boma mu 1992 ndi kutsegula malire kwa katundu wakunja. Zovala zakaunjika, zimene ku Zambia amati salaula, ndi nsalu zotchipa zochokera kunja zinafowoketsa mafakitale a nsalu. Kafue Textiles inaleka kupanga nsalu m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo fakitale ya feteleza inachepetsa kwambiri ntchito zake. Anthu ambiri a ku Kafue anatsala ndi luso m'manja koma opanda wowalemba ntchito.

Apa m'pamene makomboni ngati Nangongwe amatiphunzitsa chinthu chofunika. Monga m'makomboni ena a m'matauni a Zambia, luso linatuluka m'zipupa n'kubwerera pamthunzi. Wowotcherera zitsulo amapanga mafelemu a zitseko ndi mawindo m'mphepete mwa msewu, wina amakhoma mbaula ndi ndowa kuchokera ku malata, kalipentala amayala mipando pakhomo pake, ndipo telala amakhala ndi makina ake pakhonde kapena m'kantemba. Ambiri a iwo malo awo amawatcha wekishopu kapena shopu. Koma tikafunsa mafunso athu atatu, mayankho ake ndi a chipala: zida ndi za mmisiri mwini, wogula amafika n'kukhala pansi kudikira, ndipo mnyamata wophunzira amayamba ndi kugwirizira chitsulo kapena kutumidwa asanapatsidwe chida. Dzina ndi la mishoni ndi fakitale, koma kakhalidwe ndi ka makolo. Umboni wake uli m'galamala, pakuti malo otere anthu amati "pawekishopu" kapena "pashopu", pomwe wa m'fakitale uja ankati "m'wekishopu". Ngakhale ng'anjo yosungunulira chitsulo inabwereranso ku Kafue mwa mtundu wina, pamene kampani ya Universal Mining and Chemical Industries inamanga fakitale ya zitsulo m'zaka za pakati pa 2005 ndi 2010.

Situdiyo nayo inatsika mtengo. Kompyuta itafala, wachinyamata anatha kujambula nyimbo m'chipinda chimodzi cha m'komboni, ndipo liwu limene kale linkanena nyumba ya boma kapena ya kampani linayamba kunena chuma cha munthu mmodzi.

M'nyengo yomweyo wekishopu inatenga tanthauzo lina lachilendo. Mabungwe othandiza atachuluka m'zaka za m'ma 1990, liwuli linayamba kunena msonkhano wa masiku ochepa wa kuhotela, kumene anthu amakambirana ndi kulandira alawansi. Tanthauzoli linaliko kale m'Chingerezi, koma kwathu linakula mpaka kuphimba loyamba lija m'kamwa mwa ogwira ntchito m'maofesi. Pakati pa matanthauzo awiriwa pali lachitatu, la akatswiri a zaluso amene amasonkhana milungu ingapo kuti apange zinthu pamodzi. Mchitidwewu unayamba ndi Triangle ku New York mu 1982, n'kufika ku South Africa ndi dzina loti Thupelo mu 1985, ku Zimbabwe ndi dzina loti Pachipamwe mu 1988, ndi ku Zambia ndi dzina loti Mbile mu 1993. Umene unatsatira Mbile unatchedwa Insaka. Akatswiriwo atafuna dzina la msonkhano wopanda mwini mmodzi, kumene aliyense amagwira yake akuwonera ya mnzake, anabwerera ku liwu la makolo lofanana ndi mphala.

8. Phunziro kwa Aphunzitsi ndi Olemba Mabuku Otanthauzira Mawu

Choyamba, kutanthauzira mawu onsewa kuti "malo ogwirira ntchito" n'kutaya mbiri. David Clement Scott, m'buku lake lotanthauzira mawu a Chimang'anja la mu 1892, limene Alexander Hetherwick analikonzanso mu 1929, ankafotokoza liwu pamodzi ndi mwambo wake. Njira imeneyo ndi yofunikabe. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa mu 2000, unatsegula njira yotanthauzira Chinyanja m'Chinyanja momwe. Oyenda m'njira imeneyi ayenera kupereka wekishopu matanthauzo ake onse motsatana, kuyambira kopangira, kokonzera, mpaka msonkhano, ndi kusonyeza kuti ng'anjo inali ya chitsulo isanakhale ya njerwa.

Chachiwiri, tisaganize kuti chiyankhulo chinabwereka chifukwa chosowa njira. Chichewa chimapanga dzina la malo kuchokera ku mneni aliyense pogwiritsa ntchito "po-", "ko-" kapena "mo-" pamodzi ndi msintho wa mchitira: posulira, mosokera, kowumbira, mojambulira, popalira matabwa. Mawu otere amanena ntchito molunjika ndipo ndi othandiza m'mabuku a ana. Chimene sanena ndicho mwini ntchito ndi ulemu wake. Wachinyamata amene walemba "studio" pachitseko chake akulengeza kuti iye ndi katswiri wa dzina, ndipo liwu loti mojambulira silingamunenere zimenezo. Wofuna kuchotsa mawu obwereka ayambe wamvetsa chimene eni ake amafunamo.

Chachitatu, mabuku owoloka malire asamale kalembedwe ndi matanthauzo. Malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Maphunziro wa Zambia unavomereza mu 1977 amalemba "cipala" pamene ku Malawi amalemba "chipala". Zambia itayamba mu 2014 kuphunzitsa makalasi oyambirira m'ziyankhulo za m'madera, ana a m'chigawo cha Lusaka anapatsidwa Chinyanja cha m'mabuku, chimene chimasiyana ndi cha m'misewu ya Nangongwe. Mwana wa kumeneko angathe kukhala asanamvepo liwu loti chipala, ngakhale amadutsa tsiku ndi tsiku pamene mbaula zikukhomedwa. Mphunzitsi wanzeru adzayambira pa mmisiri amene mwanayo amamudziwa, n'kumuwonetsa kuti chinthucho chili ndi dzina lakale, ndipo dzinalo silili chipatala.

9. Mawu Omaliza

Tawona kuti ng'anjo, chipala, mphala ndi dambwe zinkasiyana pa umwini, pa ufulu wolowa ndi pa kaphunzitsidwe, ndipo kuti wekishopu, fakitale ndi situdiyo zinabwera ndi mayankho atsopano a mafunso omwewo. Tawonanso kuti mbiri ya Kafue, kuyambira pa mlatho wa 1906 mpaka pa kutsekedwa kwa fakitale ya nsalu, inasuntha matanthauzo a mawuwa kangapo, kotero kuti lero dzina lobwereka limatha kuvala kakhalidwe ka makolo. Ntchito imene yatsala ndi ya kumunda. Ophunzira athu a zaziyankhulo apite kwa amisiri a ku Nangongwe, ku Ndirande, ku Chipata ndi ku Tete, alembe mawu amene amisiriwo amatchulira malo awo, mphatikiram'mbuyo amene amaika patsogolo pake, ndi mayina amene amapatsa anyamata awo ophunzira. Afunsenso amayi owumba, oluka ndi osoka, amene malo awo mabuku sanawatchule. Akuluakulu amene anagwira ntchito m'mafakitale a Kafue m'zaka za m'ma 1970 akukalamba, ndipo ndiwo amene akudziwa mawu a nyengo zonse zitatu.